Zikwatu za Mthokozi

Loweruka limenelo kunacha ndi kamvula kowaza, kaja ka kumapeto kwa Epulo kamene sikathandiza munda koma kuwoletsa zimene munthu wayanika. Ndinafika ku Unit L, m'tauni ya Chitungwiza pafupi ndi Harare, nditafunda pulasitiki, chidebe chili m'manja, ndipo asewere anga, Mai Clayton, anayamba kulankhula ndisanakhale n'komwe pansi.

"Ndiye mwaona kuti kuno tikumupha ndi njala mwana wanu?"

Ndinati sindinatero.

"Chidebecho chatero. Munthu wamkulu, imvi mbuu, kukwera kombi kuchokera ku Zengeza 4 ndi ndiwo pamwendo, anthu onse akuona. Mawa mzere wonse uno uzidzati kwa Mai Clayton mpongozi amadya za m'thumba la bambo ake."

Mthokozi, mwana wanga mmodzi yekhayo, anali panja pamene madzi a padenga amagwera. Ankachapa mabulangete a nyumba yonse, chifukwa mipopi inali itauma sabata yachitatu ndipo mvula ikagwa ndiye tsiku lochapa. Mimba ya miyezi isanu ndi iwiri inkamuletsa kuwerama, ndiye anagwada pasimenti.

Ndinanena chimene ndinadzera. Lachinayi anamwino a ku sikelo anamuuza kuti magazi ake achepa, mapazi akutupa, adye bwino ndi kupuma. Mimbayo inali yoyamba, ndipo kuno kwa Ashona mkazi wa mimba yoyamba amakaperekedwa kwa makolo ake kuti akachirire kumeneko. Amati masungiro. Ndinapempha kuti achite zimenezo msanga. Mbuzi ndi nsalu zimene amapereka pa mwambowo ndinati zikhale, ndikufuna mwana yekha.

Mai Clayton anaseka, n'kutembenukira kwa Primrose, mwana wawo wamkazi amene anabwerako ku ukwati ndi ana awiri.

"Wamva, Primrose? Masungiro. Aphunzira Chishona asewere. Nanga nsaluyo akailandira ndani? Mkazi wanu Maliya adzuka kumanda? Masungiro ndi a mayi, si a bambo wokhala yekha ndi mphika umodzi. Komanso ife ndife Achewa. Agogo anga anachokera ku Dedza wapansi. Zimenezo ndi za eni dziko."

Pa nthawi ya malowolo analinso Achewa, chifukwa Achewa salowola. Nditati ngati ndi choncho Clayton abwere adzakhale chikamwini kwanga, anasanduka Ashona tsiku lomwelo: muroora, ndiye mpongozi wamkazi, amakhala kwa amuna ake, kusesa, kutunga, kuphikira onse. Mwambo kwa iwo unali ngati zovala za pakaunjika, amatola chimene chawakwana tsikulo.

"Mundiyankhe, asewere. Kapena pakamwa mwaiwala m'kombi?"

Ndinayang'ana Clayton, mkamwini wanga, amene anali pasofa ndi foni. Sanadzutse mutu. Anangoti m'Chishona, zimenezi amazidziwa ndi amayi.

Ndinavundukula chidebe. Munali zikwatu zinayi za mfutso, nsinjiro, ufa wa phala, nyemba zosankha kale ndi botolo la chiponde. Ndinati nyemba ndi chikwatu chimodzi adye tsopano, kuti magazi abwerere. Zotsalazo ndi za m'chikuta, masiku aja mayi amakhala m'nyumba ndi khanda, osatha kuima pamoto.

"Mumsungire," ndinatero.

"Tisunga. Kusunga ndiye timatha."

Potuluka ndinaima pafupi ndi Mthokozi. Manja ake anali atayera ndi sopo, zala zitakwinyika. Ndinamufunsa ngati wadya.

"Ndaguta, Baba."

Ndiye kuti wakhuta. Chiyambire sukulu amandiyankha m'Chishona, ngakhale Chichewa amachimva chonse. Milomo yake inali yotuwa.

Zaka makumi atatu ndinaphika m'kantini ya fakitale ku Harare, ndiye kudyetsa anthu ndimakudziwa. Koma kukonzekera khanda ndinaonera kwa Maliya, mkazi wanga, amene anatisiya zaka zinayi zapitazo. Mkazi aliyense wa mumpingo wathu akakhala woyembekezera, Maliya ankayamba kufutsa miyezi iwiri isanakwane nthawi. Ankati mwana amabwera ndi njala ziwiri, yake ndi ya amake, ndipo tsiku limenelo si lokasaka ndiwo kumsika.

Ndinachita monga iye. Kamunda kanga ka pansi pa mawaya a magetsi kanali ndi nkhwani, chitambe ndi bonongwe. Ndinkathyola mmawa, kuwiritsa pang'ono, kuyanika pa lata la padenga la chimbudzi, mitambo ikasonkhana n'kuthamanga kukaanula. Mawere ndinaviika mpaka atamera, ndinayanika chimera cha thobwa, chifukwa thobwa amabweretsa mkaka. Chimanga, soya ndi mtedza ndinakazinga n'kukagayitsa pamodzi kuti phala lake lizipsa madzi akangowira. Firiji ya Maliya ilipo, koma magetsi amabwera pamene afunira, ndipo nyama yoikamo ndi nyama ya ntchentche. Zonse zinayenera kukhala zouma, zophikidwa pa moto umodzi ndi munthu wotopa.

Mchere sindinathire m'chilichonse. Maliya ankati chakudya cha mayi wa khanda sichithiridwa mchere ndi dzanja lililonse, chifukwa munthu wotentha, amene akuyenda ndi mkazi kapena mwamuna, akathira amadula mayi ndi mwana, ndiye tsempho. Ngati n'zoona sindidziwa. Iye ankafutsa popanda mchere, inenso ndinatero.

Masamba a msuku okulungira zikwatu anandibweretsera Shuvai, amake Tinashe, amene timagawana mpanda. Kwawo ndi kumudzi ku Seke, kumene misuku ikadalipo. Anaima pampanda akundiona ndikukulunga mfutso ngati mpira, n'kunena kuti ife anthu a ku Malawi ngakhale ndiwo timaziveka malaya. Luzi ndinalibe. Ndinatsegula sutukesi ya Maliya, ndinatenga chitenje chake chakale cha buluu cha maluwa achikasu, ndinaching'amba tizingwe. Chikwatu chilichonse ndinachimanga ndi nsalu imeneyo. Zinakwana khumi ndi ziwiri.

Lamulungu la sabata yotsatira, titaweruka ku tchalitchi, ndinapitanso ku Unit L ndi zikwatu zina zisanu ndi matemba. Ndinawapeza akukonzekera kudya. Mthokozi anagwada ndi beseni, kusambitsa apongozi ake, amuna ake, Primrose ndi ana ake awiri, kenako ine. Ndiwo zinali nyemba zanga ndi mfutso wotendera ndi nsinjiro zanga. Anagawa mbale zonse, n'kubwerera kukhitchini. Ndinamva supuni ikukanda pansi pa poto.

Primrose, pakamwa patadzaza, anandiyamikira. Anati chiponde chija ana ake anachimaliza m'masiku atatu, n'chokoma, kungoti chinasowa mchere.

Ndinasiya kudya. Mai Clayton anaona.

"Musatupe, asewere. Pabanja chakudya sichilembedwa dzina. Mukufuna iye azidya yekha kuseri, ana awa akuyang'ana? Kupatsa n'kuika. Mwaika pano, mudzapeza pano."

Ndinati anamwino anati magazi achepa.

"Anamwino ndi ana a dzana. Mkazi woyembekezera akamadya ngati wolima, mwana amakula m'mimba, kenako akamung'amba ndi mpeni. Mudzamusoka ndinu? Ntchito ndiyo imafewetsa njira. Ine Clayton uyu ndinamuchira papulazi ku Karoi ndikuchokera kothyola fodya. Apongozi anga ankadya matemba, ine n'kundipatsa mitu yake. Ndinafa? Ndili pano. Mwana wanu munamulera ngati dzira, ndiye vuto. Tikumuumba ife kuti akhale mkazi."

Ndinakumbukira mawu aja akuti mwana wa mwini ndi kasambe m'manja, wako ndi kazingodya. Sindinawanene. Ndinanyamula mbale yanga kupita nayo kukhitchini. Mthokozi anali ataima, akudya nkhoko ndi msuzi wotsalira. Ndinamupatsa mbaleyo. Anayang'ana kukhomo kaye asanalandire.

Ndinamuuza kuti atenge chikwama tizipita. Anapukusa mutu. Anati apongozi ananena kuti akatuluka pageti popanda masungiro ndiye kuti wadzisudzula yekha, ndipo mwana adzabadwa wopanda bambo. Anati kwatsala pang'ono, apirira. Clayton si woipa, amangoopa amake.

"Nanga iwe ukuopa ndani?" ndinamufunsa.

Anangopitiriza kutafuna.

Lachitatu ndinapita kumsika wa ku Makoni kukagula chiwindi, ndipo ndisanafike ku butchala ndinaona nsalu ya buluu ikulendewera pa tebulo lina la tomato. Ndinaidziwa ndili patali, monga munthu amadziwira kayendedwe ka mkazi wake m'gulu la anthu. Zikwatu ziwiri zinali zitapachikidwa pa msomali, chachitatu chitang'ambidwa pakati, kapu ili pambali. Primrose ankaitanira anthu kuti agule mufushwa, ndiye mfutso m'Chishona, wa ku Malawi, wosaoneka kawirikawiri. Amayi awiri ankachigwiragwira chikwatucho, akuseka kamangidwe kake.

Atandiona anasiya kuitanira. Kenako anati amayi ndiwo anamupatsa, chifukwa zinayamba kufumbwa. Ndinafunsa mtengo. Anati ayi, Sekuru, kutanthauza agogo, tengani. Ndinafunsanso. Ananena, ndinalipira, ndinamasula ziwirizo pa msomali. Tizingwe ta chong'ambidwacho tinali pansi, m'matope a tomato wowola. Ndinatola, ndinaika m'thumba la jekete.

Madzulo ake Shuvai anaona zikwatu zabwerera, ndipo anafunsa mpaka ndinanena. Anawomba m'manja kamodzi, n'kukhala pa njerwa.

"Achimwene, mayi ameneyo akunamizira mwambo wathu. Kwathu mayi akamwalira, mng'ono wake amaima m'malo, kapena mkazi aliyense amene banja lamusankha. Mwana sachirira kwa apongozi chifukwa chakuti amake ali kumanda. Ngati ndi nsalu, ndilandira ine. Ndinamuona Mthokozi akukwawa pabwalo ili."

Ndinatumiza mawu amenewo kwa Clayton pa foni. Anawerenga, sanayankhe.

Ku nyumba ya ku Unit L sindinapitenso ndi chidebe. Ndinadziwa kuti mmawa uliwonse Mthokozi amakhala pamzere pa mjigo wa kuseri kwa mashopu. Ndinkaphika kwathu, chiwindi ndi bonongwe, tsiku lina nyemba, tsiku lina mazira awiri ndi phala, n'kuika m'kontena, kukulunga ndi thaulo, kukwera kombi. Ankadyera kuseri kwa khoma la mjigo, ataima, maso ali kumsewu, ngati wakuba. Ndikamupopera madzi ndinkanyamula zigubu mpaka pangodya ya mzere wawo. Pamenepo ankandilanda, kuti apongozi amuone akulowa nazo yekha. Mapazi ake anali atasiya kulowa m'nsapato, ankavala patapata za Clayton.

Zinatero masiku asanu. Tsiku lachisanu ndi chimodzi sindinamupeze. Amayi a pamzere anandiuza kuti wabwera kawiri m'mamawa chifukwa kwawo kunali alendo a mumpingo, ndipo ulendo wachitatu anagwa ndi chigubu pamutu. Anamunyamula pa wilibala mpaka kumsewu. Pamene anagwera panali padakali ponyowa.

Ku kiliniki anali atamutumiza kale ku chipatala chachikulu. Ndinakhala pabenchi panja pa wodi kuyambira masana, kontena ili pamwendo, mpaka namwino wina wamkulu anatuluka kufunsa abale a Mthokozi Kalinde. Ndinaimirira ndekha. Anati wachira, mwana wamkazi, koma wafulumira ndi mwezi wathunthu ndipo ndi wochepa kwambiri. Mayi wataya magazi amene analibe kale, akumuwonjezera. Anandifunsa ngati kunyumba kulibe chakudya. Ndinati chinalipo.

Anakhala m'chipatala masiku asanu ndi anayi. Mwanayo anali ngati botolo lija la chiponde, amake atamumangirira pachifuwa, m'kati mwa malaya, kuti afunde. Mkaka unkatuluka madontho. Kamwanako kankayamwa, kusiya, kulira kopanda mawu. Clayton ankabwera akaweruka, ndi buledi ndi chakumwa cha m'botolo, n'kuima kumapazi kwa bedi. Amake anabwera kamodzi, anayang'ana mphuno ya mwana, n'kunena kuti ndi ya kwawo.

Tsiku lotuluka kunali dzuwa. Ine ndi Shuvai tinafika ndi bulangete la mwana ndi thobwa m'botolo. Mthokozi anatuluka pang'onopang'ono, akugwira khoma, mwana ali pachifuwa. Pageti tinapeza Mai Clayton, Primrose ndi Clayton ataima pa galimoto yobwereka, chitseko chakumbuyo chili chotsegula.

Mai Clayton anati chikuta chikakhala kwawo, chipinda akonza kale. Ndinati namwino wanena kuti mwanayu moyo wake uli pa mkaka, ndipo mkaka uli pa chakudya cha amake. Ndinati ndimutenga.

Anakweza mawu kuti amve ndi ogulitsa nthochi a pageti.

"Chakudya chanu chomwecho ndicho chatifikitsa pano. Mwayesa sindinamve za kumjigo? Mapazi kutupa, nkhope kutupa, mwana kubwera nthawi isanakwane. Ife akuluakulu timadziwa dzina lake. Ndi tsempho limeneli. Mwamuna zaka zinayi wopanda mkazi, ndani akudziwa kumene amagona? Dzanja lotentha kumathira mchere m'chakudya cha mkazi woyembekezera. Uyu wanyamula bulangeteyu ndi ndani wanu? Ng'ombe yaukali ndi imene ilibe nyanga, asewere. Inu mumakhala chete ngati m'busa, koma mwadula mwana wanu ndi mdzukulu wanga."

Shuvai anafuna kuyankha. Ndinamugwira mkono. Anthu anali atayamba kuyandikira.

"Primrose," ndinatero, "chiponde chija unati chasowa chiyani?"

Anayang'ana amake, kenako pansi.

"Ndikufunsa iwe."

"Mchere."

"Mfutso uja unkagulitsa ku Makoni, unali ndi mchere?"

Clayton anatembenuka kuyang'ana mlongo wake. Ndinaona kuti zimenezo sankazidziwa, kapena ankadziwa koma osafuna kuzimva pagulu.

"Sindinathire mchere m'chilichonse. Ngakhale cha kumjigo. Tsempho likanakhala m'chidebe changa likanagwira amene anadya. Ndikuona nonse muli bwino."

Ndinapisa m'thumba la jekete, ndinatulutsa tizingwe ta buluu tija, matope atauma pamenepo. Mthokozi anatiyang'ana nthawi yaitali. Chitenje chimenecho ndi chimene amake ankamuberekera.

"Munandifunsa kuti Maliya adzuka kumanda," ndinauza Mai Clayton. "Anabwera kwanu kasanu ndi kanayi, atamanga ndiwo za mwana wake. Munamupachika pa msomali."

"Mukundinyoza pagulu chifukwa cha masamba?"

"Ayi. Cholakwa ndi changa. Ndinati mumsungire. Ndinanena m'Chichewa, inu munamva m'Chishona. Kwathu kusunga ndi kusamala. Kuno kusunga ndi kumanga, monga amangira mbuzi pachikhomo, kapena apolisi akagwira wakuba. Mwamusungadi mwana wanga."

Mayi wina wa nthochi anaseka, n'kudzigwira pakamwa. Mai Clayton nkhope inawada. Sanalankhulenso ndi ine, anatembenukira kwa Mthokozi, ndipo mawu anawatsitsa.

"Muroora, galimoto ndi iyi. Ukakwera, zonse zatha, sitidzazitchulanso. Ukatsatira bambo akowa, usadzagogode pageti panga. Walira mvula walira matope. Mwana ameneyu udzamulera wekha, ndipo Clayton sadzasowa mkazi. Atsikana adzaza m'Chitungwiza muno."

"Amai," anatero Clayton.

"Khala chete iwe."

Patapita kanthawi Clayton anayandikira mkazi wake, n'kumuuza chapansipansi m'Chishona kuti akwere, akakambirana kunyumba, zinthu zisintha. Mthokozi anamufunsa kuti zikasintha bwanji, ndani akatunga madzi mawa. Clayton anayang'ana makiyi a galimoto amene anali m'manja mwake.

Kamwanako kanayamba kulira kulira kwake kopanda mawu. Mthokozi anakagwedeza pang'ono. Ndinaona kuti sangaime nthawi yaitali. Sindinamuitane. Ndinali nditanena zambiri kale kuposa zimene ndimanena pa mwezi. Anayang'ana chitseko chotsegula chija, anayang'ana amuna ake, kenako ine.

"Ababa," anatero, "ndili ndi njala."

Chiyambire sukulu anali asanandiyankhulepo m'Chichewa.

Shuvai anamufunditsa bulangete, n'kumugwira m'chiuno. Tinayenda kupita kokwerera makombi. Kumbuyo ndinamva chitseko cha galimoto chikutsekedwa, kenako injini. Inatidutsa ife tisanafike pa siteji. Clayton sanatembenuke, ndipo mwana wake anali asanamunyamulepo.

Kunyumba Shuvai anayala pabedi la Maliya, anagoneka mayi ndi mwana, anatseka windo. Pa zikwatu khumi ndi ziwiri zija panatsala zisanu, ziwiri mwa izo zogula. Chikuta ndi chachitali kuposa pamenepo, ndipo nkhwani wa kumunda anali atauma. Ndinaona kuti Loweruka ndiyenera kufesa mpiru kuseri kwa nyumba, ndizithirira ndi madzi otsukira mbale.

Ndinavula jekete, ndinakoleza moto panja, n'kutereka madzi a phala.